Ulendo wapansi m'manda a asilikali ku Gettysburg ndi mawu atatu a Lincoln

Alendo ambiri amene amapita ku Gettysburg, tauni yaing'ono ya kummwera kwa chigawo cha Pennsylvania m'dziko la America, amapitako kukaona malo amene panamenyedwera nkhondo, ndipo makampani onyamula alendo amazidziwa bwino zimenezi, moti amawazungulitsa m'timapiri ndi m'minda momwe muli mizinga yakale ndi zipilala zachikumbutso zoposa 1,000, kenako n'kukawatsitsa kumanda a asilikali dzuwa litapendeka kale kuti ajambulitse zithunzi mwachangu basi isanabwerere ku Washington. Ndemanga ino ndi ya ntchito yosiyana ndi imeneyo. Ndi ulendo wapansi wa maola awiri m'manda okhawo, wotsogoleredwa ndi munthu wokhala ndi chiphaso cha boma, ndipo mutu wake ndi mawu amene pulezidenti Abraham Lincoln anayankhula pamalowo pa 19 Novembala 1863. Ndinene pachiyambi pomwe kuti ndalama imene ndinalipira sindikuidandaula, ngakhale kuti pali zinthu zina zimene sizinandikhutiritse, ndipo ndizitchula pamalo pake.

Dongosolo lopereka chilolezo kwa anthu otsogolera alendo ku Gettysburg linayamba mu 1915, pofuna kuthetsa chizolowezi choti aliyense azingodzitcha katswiri wa mbiri ya nkhondoyo n'kumadyera alendo. Mpaka lero munthu sapatsidwa chiphasocho asanakhoze mayeso olemba ndiponso mayeso apakamwa amene amachitikira pamalo a nkhondo penipenipo. Ambiri mwa otsogolerawa amakwera m'galimoto ya mlendo n'kuiyendetsa okha uku akufotokoza, koma ena amatenganso magulu ang'onoang'ono paulendo wapansi wa mutu umodzi wokha. Kulowa m'manda a asilikali n'kwaulere, kotero chimene munthu amalipira ndi nthawi ya wotsogolerayo ndi zimene zili m'mutu mwake. Amene anatitsogolera ife anali mayi achikulire a mawu otsika, amene sanataye nthawi ndi nthabwala zoyamba nazo zimene otsogolera alendo ambiri amakonda.

Anayambira pachipata cha ku Taneytown Road, ndipo mbiri ya nkhondo anaidula mwachidule ndithu, zomwe ndinaziyamikira. Kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julaye 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili m'chaka chake chachitatu, asilikali a boma la kumpoto otsogoleredwa ndi George Meade anamenyana ndi asilikali a zigawo za kummwera zimene zinagalukira boma, otsogoleredwa ndi Robert E. Lee. Ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa a mbali zonse ziwiri anafika pafupifupi 50,000, ndipo mitembo yoposa 7,000 inatsala m'minda ndi m'mabwalo a tauni imene anthu ake anali pafupifupi 2,400 okha. Mitemboyo inakwiriridwa mothamanga m'maenje osaya, ndipo mvula itagwa yambiri inayamba kuonekera poyera. Loya wina wa m'tauniyo, David Wills, mothandizidwa ndi bwanamkubwa wa Pennsylvania, Andrew Curtin, anagula malo a maekala 17 paphiri loyandikana ndi manda a anthu wamba otchedwa Evergreen, kuti asilikali a kumpoto aikidwe mwaulemu pamalo amodzi. Ntchito yofukula ndi kusamutsa mitembo inayamba kumapeto kwa Okutobala 1863 ndipo inatha mu Malichi 1864, kutanthauza kuti tsiku la mwambo lija manda ambiri anali asanadzazidwe, ndipo anthu anamvetsera zoyankhula ataima pafupi ndi dothi longofukulidwa kumene. Mayiwo anatsindika mfundo imeneyi kawiri, ndipo pambuyo pake ndinaona chifukwa chake: munthu sangamvetse zimene Lincoln ananena zokhudza nthaka ngati akuganiza za kapinga wometedwa bwino amene alipo lero.

Kenako anatiyendetsa pang'onopang'ono m'mizere ya manda. William Saunders, amene anajambula kakonzedwe ka malowa, anaika manda m'mizere yokhota yopanga theka la bwalo, chigawo chilichonse chili ndi gawo lake, ndipo la New York ndilo lalikulu kuposa onse. M'kakonzedwe kake munalibe chipilala chachitali cha munthu mmodzi m'mizereyi. Mayina analembedwa pa miyala yaitali yotsika, yongotumphukira pang'ono pamwamba pa kapinga, ndipo mkulu wa asilikali anagona pambali pa msilikali wamba popanda chowasiyanitsa. Asilikali a nkhondoyo amene anaikidwa kumeneko ndi oposa 3,500, ndipo 979 mwa iwo sakudziwika dzina ngakhale chigawo chimene anachokera. Awowa ali ndi timiyala ting'onoting'ono ta ngodya zinayi tolembedwa nambala yokha. Pa timiyala tambiri ndinaonapo timakobidi ta senti imodzi, tija tokhala ndi nkhope ya Lincoln, tina tatsopano tonyezimira, tina titada kale ndi mvula, timene alendo amasiyapo akamadutsa. Mayiwo sanatichedwetsepo ndi nkhani zomvetsa chisoni za msilikali uyu kapena uyo. Anangotiimika pakati pa timiyala ta manambalato n'kutulutsa m'chikwama mapepala okutidwa ndi pulasitiki, aliyense lake, pomwe panali zoyankhula zonse za Lincoln, ziganizo khumi zokha, mawu pafupifupi 272.

Apa m'pamene ntchito yawo inayamba kusiyana ndi zimene munthu angawerenge pa zikwangwani za pamalowo. Asanatiwerengetse mawu a Lincoln, anatiwerengera kaye chiganizo cha m'kalata imene Wills analembera pulezidentiyo pa 2 Novembala 1863 pomuitana ku mwambowo. Woyankhula wamkulu sanali Lincoln ayi, anali Edward Everett, katswiri wa zoyankhula wa ku Massachusetts amene anakhalapo nduna yoona za maiko akunja komanso mkulu wa yunivesite ya Harvard, ndipo anayankhula kwa maola awiri, mawu oposa 13,000. Lincoln anapemphedwa ntchito yaing'ono koma yodziwika bwino: kuti Everett akamaliza, iye monga mtsogoleri wa dziko anene mawu ochepa oyenera, opatula malowo mwalamulo kuti agwire ntchito yake yopatulika. Pamwambowo panali pemphero la m'busa Thomas Stockton, nyimbo yolembedwera tsikulo, ndi mdalitso womaliza wa m'busa Henry Baugher. Zonse zinali m'malo mwake monga momwe mwambo wopatula malo umayenera kukhalira. Ndiye munthu amene anaitanidwa kudzapatula malowo anaimirira n'kunena kuti kuchita zimenezi n'koyenera ndithu, koma poganiza mozama iye ndi anthu onse osonkhanawo sangathe kuzichita. Chiganizo chake m'Chingerezi n'chakuti, "we can not dedicate, we can not consecrate, we can not hallow this ground," kutanthauza kuti sitingathe kupereka, sitingathe kupatula, sitingathe kuyeretsa nthaka imeneyi. Mayiwo anati anthu ambiri a ku America anachiloweza chiganizochi kusukulu koma sanafunsidwepo chifukwa chake pali aneni atatu m'malo mwa mmodzi, ndipo ola lathunthu lotsatira linathera pa funso limeneli.

Mafotokozedwe awo anali akuti mawu atatuwo ndi makwerero, ndipo lililonse limakwera kuposa linzake. Liwu loyamba, "dedicate", linachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake ukukhudza kulengeza poyera kuti chinthu chaperekedwa ku ntchito inayake kapena kwa munthu winawake. Imeneyi ndi ntchito imene munthu aliyense waudindo angaigwire, kaya ndi meya potsegulira mlatho, kaya wolemba buku polipereka kwa mayi ake. Liwu lachiwiri, "consecrate", nalonso ndi lochokera ku Chilatini, koma mkati mwake muli muzu wotanthauza chinthu chopatulika, ndipo m'Chingerezi cha m'matchalitchi ndilo limagwiritsidwa ntchito bishopu akamapatula tchalitchi chatsopano kapena malo a manda, ngakhalenso podzoza bishopu mnzake. Imeneyi si ntchito ya aliyense, imafuna munthu wopatsidwa ulamuliro wauzimu. Liwu lachitatu, "hallow", silinachokere ku Chilatini konse, ndi la Chingerezi chakale cha anthu wamba, m'bale wake wa liwu lotanthauza kuyera kwauzimu, ndipo pofika nthawi ya Lincoln anthu ambiri ankalimva makamaka m'Pemphero la Ambuye, pa ndime imene ife timati "dzina lanu liyeretsedwe". Motero, anatero mayiwo, chiganizocho chimayambira pa zimene boma lingachite, n'kukwera kufika pa zimene mpingo ungachite, n'kuthera pa zimene Mulungu yekha angachite, ndipo pa sitepe iliyonse Lincoln akuti sitingathe.

Mafotokozedwe amenewa ndi okoma kumva ndipo amalowa m'mutu msanga, n'chifukwa chake ndikuganiza kuti otsogolera alendo amawakonda. Koma amene amawerenga Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe Lincoln ankalidziwa bwino kwambiri ngakhale kuti sanalembetsepo umembala wa mpingo uliwonse, aona kuti makwererowo si owongoka chotero. Pa 1 Mafumu 8:63, Solomoni ndi Aisraeli akupereka nyumba ya Yehova, ndipo liwu lake ndi loyamba lija. Pa Eksodo 28:41, Mose akuuzidwa kupatula Aroni ndi ana ake kuti akhale ansembe, ndipo liwu lake ndi lachiwiri lija. Pa Eksodo 20:11 ndi pa 1 Mafumu 9:3, Mulungu mwini ndiye akuyeretsa tsiku la Sabata ndi kachisi, ndipo liwu lake ndi lachitatu. Mpaka apa mayiwo akulondola. Koma pa 1 Mafumu 8:64, vesi lotsatira lenilenilo, mfumu Solomoni, munthu ngati ife, ndi amene akuyeretsa pakati pa bwalo la kachisi, ndipo Baibulo lija likugwiritsa ntchito liwu lachitatu lomwelo. Ndinawafunsa za vesi limeneli. Sanakwiye ndipo sanazembe. Anavomereza kuti m'Baibulo mawuwo amalowana, ndipo anati makwerero awowo ndi njira yothandizira alendo kumva kulemera kwa chiganizocho, osati lamulo la galamala. Yankho limeneli linandikwaniritsa, koma ndikuona kuti akanayenera kunena zimenezi okha asanafunsidwe, chifukwa ena a m'gulu lathu anali atalemba kale m'timabuku tawo ngati kuti n'choonadi chosatsutsika.

Umboni wamphamvu wa maganizo awo, mwa kuona kwanga, suli m'mabuku otanthauzira mawu koma m'zoyankhula zenizenizo, ndipo apa m'pamene mayiwo anaonetsa kuti ntchito yawo amaidziwa. Anatipempha kuti aliyense awerenge pepala lake mwakachetechete n'kupeza kumene liwu lililonse mwa atatuwo linapita pambuyo pa chiganizo chokana chija. Lachiwiri likubwereranso nthawi yomweyo, ndipo Lincoln akulipereka kwa asilikali: amuna olimba mtima amene analimbana pamalopo, amoyo ndi akufa omwe, ndi amene anawapatula kale, kuposa mphamvu yochepa imene osonkhanawo ali nayo yowonjezerapo kapena kuchotsapo. Loyamba likubwereranso kawiri kumapeto, koma latembenuka. Sakunenanso za kupereka nthaka, akunena za kupereka anthu: amoyofe ndi amene tiyenera kuperekedwa ku ntchito yosamalizika imene omenya nkhondowo anaifikitsa patali. Lachitatu silibwereranso konse. Lincoln analitchula kamodzi kokha n'kulisiya osalipereka kwa wina aliyense, ngakhale kwa akufawo. Munthu akadzionera yekha zimenezi papepala ataima pakati pa manda, safunikanso womuuza kuti mawuwo sanaikidwe mongokometsera chiganizo.

Anationetsanso kuti liwu loyamba lija limapezeka kasanu ndi kamodzi m'ziganizo khumi zokhazo, ndipo likuyambira pa chiganizo choyambirira, pamene akunena kuti zaka 87 zapitazo, kutanthauza mu 1776, makolo awo anabereka mtundu watsopano woperekedwa ku mfundo yakuti anthu onse analengedwa ofanana. Choncho ulusi wake ukuyenda motere: mtundu unaperekedwa ku mfundo, anthu abwera kudzapereka kachigawo ka munda, sangathe kukapereka, ndiye aperekedwe iwowo. Pafupi ndi mapeto pali liwu lachinayi la m'banja lomweli, "devotion", limene likupezeka kawiri, ndipo muzu wake wa Chilatini ndi chowinda kapena lumbiro. Akufawo anapereka muyeso wotsiriza wodzaza wa kudzipereka kwawo, ndipo amoyo atengepo kudzipereka kowonjezereka. Ngakhale kawerengedwe ka zaka 87 zija, kowerenga m'magulu a makumi awiri, kamamveka ngati Salmo 90 m'Baibulo la King James, pamene pakunenedwa za zaka za moyo wa munthu. Chodabwitsa n'chakuti m'zoyankhula zodzaza ndi kamvekedwe ka m'Baibulo chotere mulibe vesi ngakhale limodzi logwidwa mawu, mulibe dzina la Gettysburg, mulibe liwu lakuti ukapolo, ndipo simutchulidwa kumpoto kapena kummwera.

Wowerenga Chichewa ali ndi mwayi wina pa nkhaniyi umene anzathu a m'gululo analibe. Mawu a m'kalata ya Wills, onena za kuika malo padera kuti agwire ntchito yopatulika, kwa ife ndi mneni mmodzi yekha, kupatula, amene timamugwiritsa ntchito posiyanitsa mbuzi ndi nkhosa komanso pa zinthu za Mulungu, ndipo ali m'dzina la Buku Lopatulika lenilenilo. Zimene Chingerezi chimafuna kukumba m'Chilatini kuti chizione, ife timazimva pakamwa pomwe: chopatulika ndi chimene chachotsedwa pakati pa zinzake. Kuyeretsa nakonso timakudziwa kuchokera m'pemphero, ndipo aliyense amene anaphunzira katekisimu amadziwa kuti tikamati dzina liyeretsedwe sitikutanthauza kuti ifeyo tiliwonjezera chiyero, koma kuti tilizindikire monga momwe lilili kale. Umu ndi momwe Lincoln akuonera nthaka ija. Kwathunso palibe amene amaganiza kuti manda amakhala oopsa chifukwa mfumu inayankhulapo mawu. Nkhalango ya kumanda sidulidwa mitengo ndipo munthu salowamo popanda chilolezo chifukwa cha amene anagonamo. Koma kufananako kumathera pomwepo, chifukwa Lincoln akutchula amoyo pamodzi ndi akufa, ndipo akuti chimene chinapatula malowo ndi zimene anachita pamenepo, osati kugona kwawo m'nthakamo. Msilikali amene anapulumuka n'kubwerera kwawo ku Ohio anapatula nawo nthakayo mofanana ndi mnzake amene ali pansi pa kamwala ka nambala.

Nkhani ya mawu akuti "under God", otanthauza pansi pa Mulungu, anaifotokoza mosamala ndipo sanaikometsere mbali iliyonse. Pali mapepala asanu a zoyankhulazi olembedwa ndi dzanja la Lincoln mwini. Awiri oyambirira, amene anapatsa alembi ake John Nicolay ndi John Hay ndipo pano akusungidwa ku laibulale ya boma yotchedwa Library of Congress, alibe mawu amenewa. Atatu amene analemba pambuyo pake, la Everett limene lili ku Springfield, la George Bancroft limene lili ku yunivesite ya Cornell, ndi la Alexander Bliss limene lili ku White House, onse ali nawo. Atolankhani amene analemba zoyankhulazo pamalopo, kuphatikizapo Joseph Gilbert wa bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press, anawalemba mawuwo, zomwe zikusonyeza kuti Lincoln anawanenadi pakamwa. Pepala la Bliss ndilo lokhalo limene analisainira, ndipo mawu ake ndi amene anazokotedwa pakhoma la Lincoln Memorial ku Washington. Mayiwo anangowonjezera kuti Mulungu akutchulidwa pamalo amodzi okhawa, ndipo sakutchulidwa pokhudza nthaka koma pokhudza mtundu umene uyenera kubadwanso mwatsopano mu ufulu. Bambo wina wa m'gulu lathu anafuna kuwakokera ku mikangano ya masiku ano ya chipembedzo ndi boma, koma iwo anamuyankha mwaulemu kuti chiphaso chawo chimathera mu 1863.

Gawo limene linandisangalatsa mosayembekezera linali la kumpanda. Alendo ambiri amaganiza kuti Lincoln anaima pamene pali chipilala chachitali cha pakati pa mizere ya manda, chimene chinatsegulidwa mu 1869, ndipo ena amajambulitsa pa chikumbutso china cha zoyankhulazo, cha 1912, chimene chili pafupi ndi chipata, kutali ndithu ndi pamene panachitikira mwambo. Ofufuza ena amene anayerekeza zithunzi zochepa za tsikulo ndi maonekedwe a malowo amaloza kuti nsanja inali chakumbali, kutsidya kwa mpanda wachitsulo umene lero ukulekanitsa manda a asilikali ndi manda a Evergreen. Mayiwo anatiimika pampandapo n'kutilozera pakati pa miyala ya anthu wamba a m'tauni, ena a iwo omwalira zaka zambiri nkhondo itatha. Palibe chipilala chachikulu pamenepo. Ndinaona kuti n'zogwirizana ndi nkhani yonse ya tsikulo kuti malo enieni amene munthu uja anaima ponena kuti dziko silidzakumbukira kwa nthawi yaitali zonenedwa pamenepo ndi osadziwika bwino kwa alendo ochuluka amene amabwera chifukwa cha mawu akewo. Pampandapo anatiuzanso za Elizabeth Thorn, mkazi wa woyang'anira manda a Evergreen, amene mwamuna wake ali kunkhondo iye anakwirira mitembo pafupifupi 100 ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Tsopano ndinene pamene ulendowu unaperewera. Mfundo imene mtundu unaperekedwako, malinga ndi Lincoln, ndi yakuti anthu onse analengedwa ofanana, ndipo ananena zimenezi m'chaka chomwe chilengezo chake chomasula akapolo m'zigawo zogalukira chinayamba kugwira ntchito, pa 1 Januwale 1863. Asilikali a Lee atalowa m'Pennsylvania anagwira anthu akuda amene anawapeza, ena a iwo obadwa mfulu, n'kuwatumiza kummwera, ndipo anthu akuda ambiri a ku Gettysburg anathawa m'nyumba zawo. Amene anagwira ntchito yonyansa ndi yolemetsa yofukula mitembo yowola n'kuisamutsira kumanda atsopanowo anali makamaka amuna akuda, pansi pa mlimi wina wakuda wa komweko dzina lake Basil Biggs. Komabe asilikali akuda a m'derali amene anamenyera boma la kumpoto, atamwalira m'zaka zotsatira, ambiri anaikidwa kumanda ena a anthu akuda okhaokha, amene lero amatchedwa Lincoln Cemetery, kumbali ina ya tauni. Mayiwo ankazidziwa zonsezi, ndipo nditafunsa anazifotokoza bwino lomwe, koma sizinali m'dongosolo lawo. Kwa ine ichi ndi chilema chachikulu, chifukwa ulendo umene mutu wake ndi tanthauzo la kupatula nthaka sungadumphe funso lakuti ndani analoledwa kugona m'nthaka yopatulidwayo ndipo ndani anaikumba. Za asilikali a kummwera ananena okha mosafunsidwa, kuti mandawa sanakonzedwere iwo, ndipo mitembo yawo yambiri inatengedwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1870 kupita kumanda a kummwera, makamaka ku Hollywood Cemetery mumzinda wa Richmond. Ngati panapezeka nthawi ya awowo, ikanapezekanso ya Biggs ndi anzake.

Zodandaulitsa zina ndi zazing'ono. Mawu a mayiwo ndi otsika, ndipo poti m'mandamo muli zikwangwani zopempha bata ndi ulemu, sagwiritsa ntchito chokuzira mawu. Amene waima kumbuyo kwa gulu amaphonya zambiri, makamaka mphepo ikamawomba paphiripo kapena malole akamadutsa mumsewu wapafupi. Maola awiri onsewo amathera chiimire ndi kuyenda, ndipo okalamba a m'gulu lathu anavutika. Chingerezi chawo n'chomveka, chosathamanga, koma amene sanazolowere mawu a m'Baibulo la King James angavutike kutsatira gawo lapakati, ndipo pepala lija amalitenganso pomaliza m'malo molisiyira mlendo. Vuto lalikulu linachokera ku kampani imene inatinyamula kuchokera ku Washington, ulendo wa makilomita pafupifupi 130, yomwe inatichedwetsa m'masitolo a zikumbutso mpaka tinafika pachipata nthawi itadyeka, ndipo wotsogolerayo anakakamizika kufupikitsa gawo la Everett. Ndinamva chisoni ndi zimenezi chifukwa Everett amangokumbukiridwa ngati munthu amene anatalikitsa nkhani, chonsecho zoyankhula zake zinayamba ndi miyambo ya maliro a asilikali ku Athens wakale ndipo zinafotokoza nkhondo yonse mwatsatanetsatane, monga momwe anthu a nthawiyo ankayembekezera. Iye mwini analembera Lincoln tsiku lotsatira kuti akanakondwa akanafika pafupi ndi phata la mwambowo m'maola awiri monga momwe pulezidentiyo anafikira m'mphindi ziwiri.

Pali chinthu chinanso chimene mlendo ayenera kuchiyembekezera, ngakhale kuti si mlandu wa wotsogolerayo. Mukangotuluka m'mandamo n'kutsikira cha ku Steinwehr Avenue ndi Baltimore Street, mumakumana ndi malonda a mtundu uliwonse, zipewa za asilikali, mfuti zoseweretsa ana, ndi zikwangwani zoitanira anthu ku maulendo ausiku okasaka mizukwa ya asilikali akufa. Malonda a mizukwawa ndi ochuluka m'tauniyi ndipo amakopa anthu ambiri. Sindikufuna kuweruza anthu amene akufunafuna chakudya cha ana awo, koma munthu amene wangotha maola awiri akusinkhasinkha kusiyana kwa kupereka, kupatula ndi kuyeretsa amaona msanga kuti malo oopsa chifukwa cha mizukwa ndi malo opatulika chifukwa cha ntchito imene inachitikapo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo tauniyi imagulitsa zonse ziwiri moyandikana.

Ulendowu ndi woyenera aphunzitsi a mbiri ndi a Chingerezi, abusa ndi akatekisiti, ophunzira zamalamulo, ndi aliyense amene amakonda kuona momwe mawu ochepa amagwirira ntchito yaikulu. Amene akufuna kumva za kayendedwe ka magulu a asilikali, za mizinga ndi za kuukira kotchuka kwa tsiku lachitatu, apite kaye ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2008, komwe kuli chithunzi chachikulu chozungulira chojambulidwa ndi Paul Philippoteaux, kenako atenge wotsogolera wa pagalimoto. Ana aang'ono angatope nawo. Ngati mungathe, pitani pa galimoto yanu kapena ya mnzanu m'malo modalira basi ya kampani, ndipo sankhani nthawi ya m'mawa magulu a ana asukulu asanafike. Pa 19 Novembala chaka chilichonse pamakhala mwambo wokumbukira tsikulo, ndipo ndi wokoma kuuona, koma anthu amadzaza ndipo kumazizira kwambiri, kotero si tsiku labwino la ulendo wofuna kumvetsera mwakachetechete. Werengani ziganizo khumi zija musanapite, ndipo tengani Baibulo lanu lachichewa kapena likhale pafoni, kuti mukathe kuyerekeza 1 Mafumu 8 ndi 9 ndi zimene wotsogolerayo akunena. Polembetsa, funsani mwachindunji ngati ulendowo ukufika pampanda wa Evergreen ndiponso ngati ukukamba za Basil Biggs ndi Lincoln Cemetery. Akakuuzani kuti ayi, pemphani kuti awonjezerepo, ngakhale zitatanthauza kulipira theka la ola lina.